Chithunzi Chimene Ndinadula ku Ndamera

Ana anga, makamaka iwe Grace amene wakhala ukundigulira makope kuti ndilembemo, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Zimenezo amalume anu a Bizeki amazifotokoza bwino kuposa ine, ngakhale kuti amathira mchere wambiri. Ine ndiyambira pamene ndinayamba ntchito, ndipo m'mutu uno ndikufuna ndifike pa nkhani imene mwakhala mukuimva m'zidutswa. Mukudziwa kuti ku Ndamera sindinachokeko mwaulemu. Ena amati ndinagulitsa chithunzi cha mishoni kwa azungu, ena amati ndinachiwotcha nditaledzera, ine munthu woti mowa sindinaulawepo. Ndi bwino mumve kwa mwini wake ndikadali ndi maso olembera.

Chikwawa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ndinatsika phiri lija la makhotamakhota pa lole yonyamula simenti, nditakhala pamwamba pa matumba ndi sutikesi yanga yachitsulo. Ndinali nditangomaliza maphunziro a zachipatala, aja amene kumudzi amakupatsa dzina loti a dokotala pamene ku ofesi umangokhala wothandizira. Ine mwana wa kumapiri a Thyolo kutentha kwa kuchigwa ndinkangokumva m'nkhani. Titafika pakati pa phiri mphepo imene inkatiwomba inasanduka mpweya wa m'ng'anjo, ndipo pofika pa boma malaya anga oyera, amene ndinasita kuti ndikaonekere bwino, anali atamatirira kumsana.

Bwana wanga woyamba anali a Mataka, bambo wamfupi woyenda ndi makiyi pa chingwe m'khosi, wosaseka dzuwa lisanafike pamutu. Masiku amenewo singano tinkaziwiritsa pa pulayimasi n'kuzigwiritsanso ntchito mpaka zitabuntha. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa waya kuseri kwa wodi. Kwinini akatha, tinkadikira lole ya mankhwala ngati mlimi akudikira mvula. A Mataka sankadandaula za zosowazo, ankangotiphunzitsa kugwira ntchito popanda izo. Ankati labotale ikatseka, tembenuza chikope cha m'munsi cha wodwala uone ngati muli magazi, gwira m'manja mwake umve kuzizira, nunkhiza bala. Tsiku lina anandimva ndikuuza mkulu wina wa imvi kuti "gona apa". Anandisiya ndimalize kubaya jekeseni, kenako anandibweza kuchokera pakhonde kuti ndikapepese pamaso pa wodi yonse. Manyazi a tsiku limenelo anandichiritsa matenda a anthu ophunzira kumene.

Mayi anu Elube ndinawapeza komweko. Anabwera kuchokera kwa Maseya kudzadwazika bambo awo amene analumidwa ndi njoka m'munda wa thonje. Mkuluyo anachira patatha milungu itatu, koma ine ndinapitiriza kupita kwawo pa njinga kukaona bala limene linali litapola kale, mpaka iwo eni anandifunsa ngati mwendo wawo ndi umene ndikuufuna.

Ndamera, zaka zotsatira

Nditagwira zaka zinayi pa boma, anandibwereketsa ku kachipatala ka mpingo wina m'dera la Ndamera, kumunsi kwa Nsanje. Tinapita pa sitima ndi mayi anu, iwe Grace uli kumbuyo, Yohane ali m'mimba. Kachipatalako kanali kum'mawa kwa njanji, m'munsi chakudambo, chifukwa amishoni akale anafuna kukhala pafupi ndi midzi ya asodzi. Kanali ndi zipinda zitatu: cholembera odwala, stolo ya mankhwala, ndi kachipinda kochiriramo amayi komwe munali bedi limodzi. Amayi awiri akabwera tsiku limodzi, wina ankachirira pamphasa. Ogwira ntchito tinali atatu: ine, mzamba wathu mayi Esinati, ndi mlonda wachikulire a Fombe. Mayi Esinati anali mayi wamtali wa mawu ochepa, wobadwira konko, ndipo ndi amene anandiphunzitsa Chisena chokwanira kufunsira pamene pakupweteka.

M'chipinda cholembera odwala, pakhoma loyang'anizana ndi tebulo langa, panali chithunzi chachikulu chojambula ndi penti pa chinsalu chochindikala ngati cha tenti, chokhomeredwa pa matabwa m'mbali mwake. Utali wake unali ngati chitseko chogoneka. Palibe ankadziwa bwino chaka chimene chinabwera. A Fombe ankati anachipeza pomwepo ali mnyamata, ndipo anamva kuti chinachokera kunja monga mphatso ya achibale a azungu ena oyendera maiko amene anavutika kwambiri mumtsinje uno kalekale, njanji isanabwere. Chinkaonetsa azungu anayi pa kachilumba pakati pa bango. Boti lawo linali litatsamira pamchenga, lothyoka m'nthiti. Mmodzi anagona pansi pa chinsalu chong'ambika, nkhope yachikasu, milomo yosweka. Wina anagwada pambali pake akumumwetsa madzi ndi supuni. Wachitatu ankadula nsapato yake ndi mpeni pafupi ndi kampoto, ndipo wachinayi anaimirira ataika dzanja pamphumi, akuyang'ana kumunsi kwa mtsinje kumene kunalibe kanthu. Chakumbuyo kunali anthu akuda awiri, madzi ali m'chifuwa, akulimbana ndi chingwe cha botilo.

Wojambulayo Shire sanamuonepo, izo zinali zoonekeratu. Mvuu yake inali ngati nkhumba yonenepa, ndipo mapiri a patali anawaveka zoyera pamwamba. Odwala akakhala pa benchi ankachikambirana ngati nkhani ya dzulo. Ndimakumbukira msodzi wina dzina lake Zuze, amene anabwera mbedza itamulowa m'chala. Ndikumuchotsa mbedzayo maso ake anali pakhoma, ndipo anandifunsa chimene chinapha azunguwo. Ndinamuuza kuti a Fombe amati njala ndi malungo. Ananyamuka bandeji ikulendewera, nakaloza masamba oyandama pakona ya chithunzi.

"Njala? Nkhabe, a dokotala. Awa ndi masamba a nyika. Anthu akhala pamwamba pa chakudya n'kumaphika nsapato."

Benchi yonse inaseka, chifukwa kumeneko aliyense amadziwa kuti chaka cha njala anthu amalowa m'dambo kukazula nyika n'kupulumuka. Mayi Esinati chithunzicho sankachikonda. Ankati mayi wodwala matenda a uchembere sayenera kudikira akuyang'anizana ndi munthu wakufa, ndipo nthawi zina ankachiphimba ndi chitenje. Koma ine ndinayamba kuchikonda pang'onopang'ono. Wojambulayo mtsinje sankaudziwa, koma matenda ankawadziwa. Milomo ya wodwala uja inali yeniyeni, ndipo dzanja la womwetsa uja linagwira supuni mwa munthu amene akudziwa kuti madziwo sachiritsa koma sangaleke. M'zaka zimene anthu othawa nkhondo ya kutsidya anadzaza dera lonse, kolera n'kubuka, tinkagoneka odwala pansi pa mitengo, mabotolo a diripi titapachika m'nthambi. Madiripi akatha tinkamwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi supuni, munthu mmodzimmodzi. Masiku amenewo ndikalowa m'chipinda m'mawa ndinkamuyang'ana bambo wogwada uja ngati mnzanga wa ntchito.

Chaka cha kalata ya kunja

Bwana wathu anali a Thole, mlembi woyang'anira zipatala za mpingowo. Ankabwera kamodzi pamwezi pa njinga yamoto, fumbi lili tholo m'tsitsi. Anali munthu wowongoka ngati nsungwi, wosalandira ngakhale mlamba wouma kwa wodwala, ndipo chifukwa cha kuwongoka kumeneko anali wovuta kukhala naye. Mlongo wawo anamwalira pochira ali mtsikana, m'ngolo, panjira yopita kuchipatala. Sankaikamba nkhaniyo, ndinaimva kwa mayi Esinati, koma inkaoneka m'ntchito yawo. Kwa zaka zambiri analemba makalata kulikonse kupempha kuti pa Ndamera pamangidwe wodi ya amayi, ndipo mayankho onse ankabwera aulemu koma opanda kanthu.

Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, anafika akumwetulira, chinthu chimene sindinachionepo. Anatikhazika pansi tonse atatu natiwerengera kalata. Inachokera kwa mayi wina wokalamba wa kunja, chidzukulu cha mzungu wodwala uja wa pachithunzi. Nyumba ina yosungiramo zinthu zakale kwawoko inkachifuna chithunzicho, ndipo posinthana inalonjeza kumanga wodi ya amayi, thanki ya madzi ndi nyumba ya namwino wachiwiri. Mayiyo anati adzabwera kudzachitenga mvula ikatha, m'nyengo yozizira. Mayi Esinati anangogwira pakamwa. Tsiku lomwelo tinachitsitsa pakhoma, tinachikulunga ndi mapepala, tinachimangirira pamwamba pa mitanda ya denga kuti chinyezi ndi ana asachifikire. Ponyamuka, a Thole anandigwira paphewa.

"A Namakhwa, chimene chili padengapo si chithunzi ayi. Ndi wodi ya amayi. Muchisamale kuposa mankhwala, chifukwa mankhwala akatha amabwera ena."

Ndinawalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Tsiku la madzi

Mvula ya chaka chimenecho inagwa masiku atatu osalekeza, kuno ndi kumapiri. M'mawa wa tsiku lachinayi a Fombe anabwera kudzandiuza kuti mtsinje wasiya njira yake ndipo madzi alowa m'minda ya mapira. Ndinatumiza mayi anu ndi inu ana kumtunda kwa njanji pamodzi ndi anthu ena a m'mudzi. Ine ndi a Fombe tinathira mchenga m'matumba onse amene tinali nawo n'kutchinga pakhomo la stolo ya mankhwala. Tili mkati mwa ntchito imeneyo, Zuze uja anafika ndi mwadiya wake, bwato la mtengo umodzi, mkazi wake Marita ali gone m'katimo. Matenda anali atamuyamba.

Mwana anabadwa cha m'ma teni, wamkazi, ndipo analira bwino. Madzi anali atafika kale m'akakolo m'chipinda chochirira. Patapita kanthawi mayi Esinati anandiitana ndi mawu otsika. Zotsalira sizinatuluke zonse ndipo magazi sankaleka. Jekeseni yoletsa kutaya magazi inali itatha milungu iwiri m'mbuyomo. Diripi inatsala imodzi, ndipo ndinaiika. Ndinatembenuza chikope cha Marita monga anandiphunzitsira a Mataka, ndipo m'kati munali mbuu ngati pepala. Wailesi yathu ya mauthenga inagwira mwamwayi, a kuboma nandiuza kuti ambulansi inyamuka koma ikathera pamene msewu umadutsa njanji. Kupitirira apo galimoto singalowe.

Kuchokera pachipatala kukafika pamenepo, theka la njira mwadiya ukanatha kuyenda. Theka linalo linali minda, madzi osaya koma matope ofika m'mawondo, ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wonyamula katundu. Pankafunika machira. Machira athu anali atapita ndi maliro kumudzi wina masiku awiri m'mbuyomo, ndipo mudziwo unali utadulidwa ndi madzi. Tinamanga bulangete pa mitengo iwiri yokankhira mwadiya, koma titangomunyamula Marita linang'ambika pakati, mwayi kuti anagwera pabedi pomwepo. Mabulangete athu onse anali otero, othetheka ndi kuchapa. Tinazula chitseko, koma chinali cha mbawa, ndipo amuna tinalipo atatu okha, mmodzi nkhalamba. Matumba onse anali pansi pa madzi, odzaza mchenga wonyowa, omangidwa ndi waya.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira kuti maso anga anapita okha padenga. Chinsalu chija ndinkachidziwa kulimba kwake chifukwa ndinachigwira pochikulunga. Ndinaganiza za a Thole ndi mlongo wawo, za amayi onse amene ndinawaona akuchirira pamphasa, ndi za lonjezo langa. Ndinayesa kudzinyenga kuti mwina tingachigwiritse ntchito mosamala osachiwononga, koma ndinkadziwa kuti ndi bodza. Mayi Esinati anaona kumene ndinkayang'ana.

"Mukudziwa chimene mukufuna kudula?" anandifunsa.

"Ndikudziwa, mayi."

"Imeneyo ndi wodi yanga. Ndaidikira kuyambira ndili ndi mano onse."

Anayang'ana Marita, amene anali atayamba kupempha madzi ndi mawu a munthu wopita. Kenako anapisa m'thumba la yunifolomu yawo natulutsa sizasi.

"Mudule motsatira thabwa, nsalu itsale yaikulu."

Ndinakwera patebulo, ndinachitsitsa, ndinadula. Zuze anaboola m'mbali ndi msomali n'kusoka chinsalucho pa mitengo iwiri ija ndi chingwe cha ukonde, mwaluso la msodzi. Titamugoneka Marita, penti yakaleyo inasweka ndi phokoso ngati munthu akuponda makoko a mtedza. Koma chinsalu chinagwira.

A Fombe anatsala kulondera mankhwala. Tinapalasa mpaka pamene mwadiya unakhudza pansi, kenako tinatsika. Zuze ananyamula kutsogolo, ine kumbuyo. Mayi Esinati anabereka khanda kumbuyo, dzanja limodzi litakweza botolo la diripi m'mwamba, ndipo sanalitsitse njira yonse. Mvula inkagwa ya mawawa. Nsapato zanga zinatsala m'matope pa mtunda woyamba. Pakati pa munda wina ndinaponda m'dzenje n'kugwada, mtengo unandisupula paphewa, chipsera chija mumachidziwa. Zuze sanacheuke, anangoima nganganga mpaka nditadzuka. Sindinamve munthu akuyankhula njira yonseyo kupatula mayi Esinati amene ankaitana Marita ndi dzina pafupipafupi kuti asagone. Tinafika panjanji dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo anthu amene anathawirako anathamanga kudzatilandira. Ambulansi inali itafika. Kuboma anamuchotsa zotsalira zija n'kumuika magazi a mlamu wake. Marita anakhala moyo, mwana wakenso.

Madzi ataphwa

Chinsalu chinatsala panjanji. Patatha masiku atatu Zuze anabwera nacho atachipinda bwino. Anachichapa kumtsinje kuti achotse magazi ndi matope, ndipo pofuna kuti abweze chinthu choyera anachikwecha ndi mchenga. Anandipatsa ndi manja awiri akunena kuti takhuta, ndiko kuthokoza kwawo. Nditachitambasula ndinapeza kuti kwatsala thambo pang'ono, nsonga ya bango, ndi mwendo wa munthu mmodzi. Nkhope zonse zinali zitapita. Sindinamudzudzule, chifukwa woyamba kuchidula ndinali ine.

A Thole anafika sabata yotsatira, wapansi, njinga yamoto ataisiya kumsewu. Nkhani anali ataimva kale. Anapempha kuchiona, ndipo ndinachiyala pakhonde. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anafunsa mofatsa ngati mayiyo ali moyo. Ndinati ali moyo, mwana yemwe.

"Chabwino," anatero. "Nanga enawo?"

Ndinafunsa kuti ena ati.

"Amene adzabwere chaka cha mawa, ndi chinacho. Amenewo mudzawanyamulira pa chiyani?"

Funso limenelo ndinalibe yankho lake tsiku lija, ndipo sindinalipeze mpaka lero.

Anandiitana ku komiti ya zipatala za mpingo. Akuluakulu asanu anakhala kuseri kwa tebulo, ndipo anandifunsa mwaulemu koma mozama. Mmodzi anafunsa chifukwa chimene sindinakhuthule matumba awiri a mchenga n'kupanga machira monga amachitira anthu kumudzi. Ndinayankha zoona, kuti mwina zikanatheka ndikanakhala ndi theka la ola lovuula, kumasula waya ndi kukhuthula, koma sindinakhulupirire kuti Marita anali nalo theka la olalo. Anafunsa ngati ndinali wotsimikiza. Ndinati ayi. Pa ntchito yathu munthu sutsimikiza, umangoyang'ana m'chikope n'kusankha. Mayi Esinati anapempha kuti ayankhule, nanena kuti sizasi inali yawo, koma a komiti anati woyang'anira chipatala ndine.

Alendo aja anabwerabe m'nyengo yozizira, chifukwa ulendo anali atakonza kale. Mayi wokalamba uja anali munthu wabwino. Anaona chinsalu, anamva nkhani yonse kudzera mwa womasulira, napempha kuti akaone Marita. Anakhala pamphasa pakhomo pa Zuze atanyamula khandalo, misozi ikutsika. Koma wodi sinali m'manja mwake. Amene analonjeza kumanga ankafuna chithunzi, ndipo chithunzi panalibe. Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata yaifupi yopepesa.

Kalata yanga inabwera pambuyo pake, yolembedwa ndi a Thole. Inati ndinalephera kusamala katundu wa mpingo amene anaikidwa m'manja mwanga, ndipo mpingo ukundibweza ku boma. Kalatayo inalowa m'failo yanga. Chaka chimenecho dzina langa linali pa mndandanda wa opita kusukulu yokweza udindo, ndipo linachotsedwa. Sindinapitenso. Mayi anu analira masiku awiri, kenako anayamba kumanga katundu, nati bola tikupita kufupi ndi kwawo. Tsiku lonyamuka Zuze ndi abale ake ananyamula katundu wathu yense mpaka pasiteshoni, osalola kuti ndigwire ngakhale mpando.

Kwa Maseya, mpaka kupuma ntchito

Ananditumiza ku chipatala chaching'ono m'dera la Maseya, ndipo ndi kumene ndinakalambira. Ntchito inali yomweyo, malungo, mabala a makasu, ana otsegula m'mimba, alimi a thonje odwala ndi mankhwala opopera. Mabwana anabwera n'kupita, ena anali ana amene ndinawaphunzitsa kugwira singano. Sizinandiwawe monga mmene anthu ankaganizira. Chimene chinkandiwawa chinali makalata a mayi Esinati. Ankandilembera kawiri kapena katatu pachaka, ndipo sankabisa kanthu. Wodi ya ku Ndamera inadzamangidwa patapita zaka zambiri ndi thandizo lina, iwo atatsala pang'ono kupuma. M'zaka za pakatizo amayi anapitiriza kuchirira m'kachipinda ka bedi limodzi, ndipo si onse anatulukamo. Mmodzi anali Rute, amene ankatsogolera kwaya ndipo ankakuberekani inu ana mayi anu akapita kumsika. Ndinapita kumaliro ake. Mayi Esinati anandikokera pambali nandiuza kuti Rute ankafunika magazi, osati bedi, ndiye ngakhale wodi ikanakhalapo sakanapulumuka. Mwina zinali zoona. Koma wodi ija inkabwera ndi namwino wachiwiri, ndipo ndimadziwa kuti mayi Esinati ankatha kunena zinthu pofuna kuti munthu agone tulo.

Sindikulemba izi kuti mundiweruze kapena kuti mundikhululukire. Ndikufuna mudziwe kuti mbali zonse ziwiri kunali anthu, ndipo a Thole, amene ena a inu munakula mukumva dzina lawo ngati la mdani, sanali munthu woipa.

Patatsala zaka zitatu kuti ndipume, m'mawa wina namwino anandiuza kuti pabenchi pali mkulu wa matenda a shuga amene ali ndi bala loipa kuphazi. Anabwera pa ngolo ndi mwana wake wamkazi wokwatiwa m'dera lathu. Nditatuluka ndinapeza ndi a Thole, atawonda, maso atachita nkhungu. Anandizindikira ndi mawu. Mwana wawo anachita mantha atamva dzina langa, nafunsa chapansipansi ngati kuli bwino apite nawo kuboma. Ndinati alowe nawo. Bala linali lakuya, ndipo kuboma akanangodula phazi. Ndinaganiza zoyesa kaye kulitsuka ndi kulimanga masiku atatu aliwonse.

Milungu iwiri yoyamba tinkangokamba za shuga, za zakudya zoyenera, ndi za mtengo wa thonje. Tsiku lina ndili chogwada, phazi lawo lili pa bondo langa, ndikuchotsa mnofu wakufa, anayamba okha.

"A Namakhwa, kalata ija ndinalemba ndekha. Palibe anandikakamiza."

"Ndinadziwa, bwana. Ndinazindikira kalembedwe."

"Ndaiganizira zaka zonsezi. Ndikanati ndibwerere, ndikanailembanso."

Ndinapitiriza kutsuka. Sindinamve mkwiyo uliwonse, ndinangoona kuti mkuluyo akundilemekeza pondiuza zoona, ndiye ndinayenera kuwabwezera zoona.

"Inenso, bwana, ndikanadulanso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva yankho limene ankaliyembekeza. Anafunsa ngati mwana wa Marita uja anakula. Ndinawauza zimene mayi Esinati anandilembera, kuti anakwatiwa kutsidya ndipo amagulitsa nsomba zouma pamsika wa kumalire. Anati zili bwino. Ndinamanga bandeji, ndinawaveka patapata, ndinawauza kuti abwerenso Lachinayi ndipo asaponde madzi.

Lachinayi anabwera, ndipo anapitiriza kubwera miyezi iwiri yathunthu. Phazi silinadulidwe.